Zimene lilime limadziwa: mbiri ya ntchito yolawa vinyo wakale wa ku Madeira

Katswiri wolawa vinyo akapatsidwa tambula ya vinyo wa ku Madeira amene wakhala zaka 100 kapena 150, zimene amalemba m'kabuku kake zimadabwitsa munthu wamba. Amanena za mtundu wofiirira wokhala ndi mkombero wobiriwira m'mphepete mwa tambula, za fungo la mtedza wokazinga, shuga wopserera, khofi ndi makoko ouma a malalanje, za kuwawasa kolasa kumene kumatsuka kutsekemera konse m'kamwa, ndiponso za kukoma kumene kumatsalirabe kukhosi vinyoyo atalavulidwa kalekale. Ambiri akamva mawu otere amaseka, amati ndi matama a anthu olemera amene akufuna chifukwa chotayira ndalama zochuluka pa botolo limodzi. Kusekako n'komveka, koma mbiri ya chilumba cha Madeira ikusonyeza kuti mawu a olawawo ali ndi kumene adachokera. Ntchito yolawa idabadwa chifukwa cha malonda, ndipo zambiri zimene lilime lozolowera limapeza mu vinyoyu zili ndi gwero lake m'zimene zidachitikira mphesa, mgolo ndi sitima. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti katswiri ndi woyenera kumukhulupirira akamanena zimene vinyo wadutsamo, koma mawu ake okha sakwanira akayamba kutchula chaka chimene vinyoyo adapangidwa kapena munthu wotchuka amene adali mwini wake.

Madeira ndi chilumba cha mapiri m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco, pafupifupi makilomita 1,000 kuchokera ku Lisbon. Apwitikizi otsogozedwa ndi João Gonçalves Zarco ndi Tristão Vaz Teixeira adafikako mu 1419. Mbewu yoyamba kuwalemeretsa idali nzimbe, ngakhale kuti Alvise Cadamosto wa ku Venice atacheza pachilumbachi mu 1455 adapeza mipesa ya Malvasia yochokera ku Crete ikubereka kale. Shuga wa ku Brazil atalanda msika m'zaka za m'ma 1500, alimi adatembenukira ku mphesa. Chimene chidakweza kwambiri vinyoyu ndi lamulo la ku England la mu 1663, limene lidati katundu wa ku Ulaya wopita kumaiko a Angerezi ku America azidzera kaye ku England, koma lidapatula vinyo wa ku Madeira ndi wa ku Azores. Sitima zopita ku Barbados, Jamaica, Charleston, Philadelphia ndi Boston zidayamba kuima padoko la Funchal n'kumapakira migolo. Vinyoyu adalowerera m'moyo wa anthu a ku America kotero kuti mu 1768, akuluakulu a msonkho atalanda sitima ya John Hancock yotchedwa Liberty pomuganizira kuti wazembetsa vinyo wa ku Madeira, anthu a ku Boston adachita chipolowe.

Malonda a mtunda wautali chotere ndiwo adabala wolawa. Amalonda a ku Funchal, ambiri mwa iwo ochokera ku Britain, monga Francis Newton amene mu 1745 adayambitsa kampani yodzatchedwa Cossart Gordon, ndi John Blandy amene adayamba yake mu 1811, ankadalira alimi ang'onoang'ono ambirimbiri. Vinyo watsopano ankatsika naye m'mapiri amuna osenza matumba a zikopa za mbuzi, ndipo thumba lililonse linkabwera ndi kakomedwe kake. Wogula womaliza adali kutsidya kwa nyanja, kalata yake inkatenga milungu yambiri panjira, ndipo zofuna za ogula zinkasiyana: uyu akufuna woyererako ndi wosatsekemera, uyo akufuna wakuda ndi wolemera m'kamwa. Wolemba mbiri David Hancock, m'buku lake la mu 2009 lotchedwa Oceans of Wine, adasonyeza kuchokera m'makalata a amalondawa kuti vinyo wa ku Madeira adaumbidwa ndi kukambirana kotereku pakati pa opanga ndi akumwa. Kuti kukambiranako kutheke padafunika mawu amene mbali zonse ziwiri zinkamvana nawo, komanso munthu wotha kulawa migolo yambiri n'kudziwa umene ukuyenerana ndi kalata iti. Iye akaphonya, katundu ankakanidwa ndipo kampani inkaluza wogula. Ntchito yake idali yofanana ndi ya olawa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, amene amayendetsa tiyi m'kamwa, kulavula, n'kunena mawu ochepa amene amakhudza mtengo pa okushoni ya ku Limbe. Mawu a munthu wotere ndi chipangizo chogwirira ntchito, ndipo chipangizo chonama sichikhalitsa pamsika.

Zinthu ziwiri zidapatsa vinyoyu kakomedwe kamene olawa amakafotokoza lero. Choyamba ndi mowa waukali wotchezedwa, umene chapakati pa zaka za m'ma 1700 udayamba kuthiridwa m'migolo mwachizolowezi kuti vinyo asasase panjira. Lero mowawo umathiridwa vinyo akadali kuwira, kuwirako n'kulekeka, shuga wina wa mphesa n'kutsalira, ndipo ukali wa vinyo womalizidwa umakhala pakati pa magawo 17 ndi 22 pa 100 alionse. Chachiwiri ndi kutentha. Amalinyero ndi amalonda adazindikira kuti migolo imene yayenda m'mimba mwa sitima kupita ku India, kudutsa m'madera otentha, inkafika ndi vinyo wofewa ndi wokoma kuposa amene adatsala kumtunda. Vinyo amene wapita ulendowu n'kubwerako, wotchedwa vinho da roda, ankagulidwa pamtengo wokwera. Poti kuyendetsa migolo panyanja kudali kodula, mu 1794 Pantaleão Fernandes adamanga ku Funchal chipinda chotenthetsera vinyo ndi moto, chotchedwa estufa. Apa ndi pamene malilime adayesedwa koyamba, chifukwa ena ankatenthetsa vinyo wotchipa mopupuluma n'kumugulitsa ngati wokalamba, ndipo odziwa kulawa ankadandaula kuti vinyo wotere akumveka kupserera ndipo akuipitsa dzina la chilumba. Mpaka lero njira ndi ziwiri. Vinyo wamba amatenthetsedwa pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi yosachepera 3, pamene vinyo wapamwamba amasanjikidwa m'migolo pamitanda, m'zipinda zam'mwamba zofunda ndi dzuwa, njira yotchedwa canteiro, n'kumakalamba pang'onopang'ono. Vinyo wa mphesa zokololedwa chaka chimodzi wotchedwa frasqueira ayenera kukhala mumgolo zaka zosachepera 20.

Zimene zimachitika mumgolo pa zaka zonsezo n'zodziwika, ndipo zikugwirizana ndi zimene olawa ankanena kalekale makina opimira asadabwere. Matabwa a mgolo amalowetsa mpweya pang'onopang'ono, mpweyawo n'kumasintha vinyo woyera kukhala wofiirira ndi kumupatsa fungo la mtedza. Shuga akatenthedwa kwa nthawi yaitali amabala timankhwala monga furfural, timene timabweretsa fungo la zokazinga ndi la shuga wopserera. Akatswiri a sayansi, kuphatikizapo a pa yunivesite ya Madeira, adapeza kuti kamankhwala kotchedwa sotolon, kamene fungo lake limakumbutsa mtedza ndi zokometsera ndiwo, kamachuluka vinyo akamakalamba, makamaka vinyo wotsekemera. Nthawi yomweyo madzi amauluka kudzera m'matabwa chaka ndi chaka, ndipo zotsalira, shuga ndi asidi, zimanka zikhathamira. N'chifukwa chake vinyo wa zaka 100 amatha kukhala ndi shuga wambiri koma osatopetsa m'kamwa: asidi wachibadwa wa mphesa za pachilumbachi wakula limodzi ndi shugayo. Kafungo kolasa m'mphuno kofanana ndi ka viniga, kamene mu vinyo wina kangakhale chizindikiro chakuti waonongeka, mu Madeira wakale kamayembekezereka bola kasapitirire muyeso. Ndipo poti vinyoyu adakumana kale ndi kutentha ndi mpweya, zimene zimapha vinyo wina, botolo lotsegulidwa limakhala miyezi yambiri osasasa. Choncho wolawa akatchula mtedza, khofi ndi kuwawasa, akutchula zotsatira za mpweya, moto ndi kuuluka kwa madzi.

Lilime limawerenganso masoka amene adagwera minda. Mphesa zoyera zimene zidatchukitsa chilumbachi ndi Sercial, yopereka vinyo wosatsekemera ndi wowawasa kwambiri, Verdelho, Boal, ndi Malvasia yopereka wotsekemera kuposa onse, komanso Terrantez yosowa, imene olawa amaizindikira ndi kakuwawa kobwera pamapeto a kutsekemera. Mu 1851 matenda a nkhungu yoyera otchedwa oidium adalowa m'minda n'kugwetsa zokolola kwambiri, mpaka alimi adaphunzira kuwaza sulufule. Mu 1872 kudafika phylloxera, kachilombo kodya mizu kochokera ku America. Alimi ambiri adabzala mipesa ya ku America yopirira kachilomboko, ena adamezanitsa, ndipo mphesa yakuda yobereka kwambiri ya Tinta Negra idadzaza minda, Terrantez n'kutsala pang'ono kutheratu. Kenako misika iwiri ikuluikulu idatsekeka, wa ku Russia mu 1917 ndi wa ku United States pamene mowa udaletsedwa kuyambira 1920 mpaka 1933. Kwa zaka zambiri pambuyo pake maina a Sercial kapena Boal pa botolo ankangotanthauza kuchuluka kwa shuga, m'kati muli vinyo wa mphesa zina. Zinthu zidakonzeka dziko la Portugal litalowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya mu 1986, ndipo kuyambira 1993 botolo lotchula mtundu wa mphesa liyenera kukhala ndi magawo 85 pa 100 a mphesa zimenezo. M'zaka zonse zimene chizindikiro cha pa botolo sichinkadalirika, amene ankasunga chikumbukiro cha kakomedwe ka Verdelho weniweni adali anthu olawa migolo yakale ya m'nyumba zosungira.

Kulawako kuli ndi mwambo wake, ndipo mwambowo ndiwo umasiyanitsa katswiri ndi chidakwa chodziwa kulankhula. Vinyo amene wakhala m'botolo zaka zambiri amayamba watuluka ndi fungo loipa la kutsekeredwa, choncho amakhuthulidwira m'chotengera china kukadali masiku angapo kuti apume. Amalawidwa motsatana kuyambira wosatsekemera kukathera kwa wotsekemera, kuti shuga asagonthetse lilime. Wolawa amayang'ana mtundu, kununkhiza, kuyendetsa m'kamwa, kulavula, n'kulemba nthawi yomweyo. Michael Broadbent, amene adayambitsanso malonda a vinyo pa okushoni ya Christie's ku London mu 1966, ankalemba zimene walawa m'timabuku kwa zaka zoposa 50, ndipo ankabwerera ku vinyo yemweyo patapita zaka kuti aone ngati zimene adalemba kale zikugwirabe. Mphamvu ya zolemba zotere ili m'kuchuluka kwa zoyerekezera. Munthu amene walawa Terrantez wa zaka za m'ma 1800 kambirimbiri, wochokera m'nyumba zosiyanasiyana, amadziwa msanga pamene tambula ina yasemphana ndi zinzake.

Otsutsa ali ndi umboni wawo, ndipo si wopepuka. Mu 2001 Gil Morrot, Frédéric Brochet ndi Denis Dubourdieu adafalitsa kafukufuku wa ku Bordeaux m'mene ophunzira za vinyo 54 adapatsidwa vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo, ndipo adamufotokoza ndi mawu ofotokozera vinyo wofiira. Mu 2008 Robert Hodgson adasonyeza kuti pa mpikisano wa vinyo wa ku California, oweruza opatsidwa vinyo yemweyo katatu mosadziwa ankamupatsa malikisi osiyana, ndipo pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 alionse ndiye ankagwirizana ndi chiweruzo chake chomwe. Nanga lilime lotere n'kulidalira bwanji? Yankho ndi lakuti kafukufukuyu akutsutsa mbali imodzi ya ntchito ya wolawa. Akusonyeza kuti maso ndi chiyembekezo zimakoka lilime, ndiponso kuti kupereka malikisi kwa mavinyo ofananafanana n'kosakhazikika. Koma funso lakuti ndi uti wokoma kuposa mnzake n'losiyana ndi funso lakuti vinyoyu wadutsa m'zotani. Kusiyana kwa Sercial ndi Malvasia, kapena kwa vinyo wa zaka 3 wa mu estufa ndi wa zaka 60 wa pamitanda, n'kwakukulu ndipo kumaoneka ngakhale pa makina opimira shuga ndi asidi. Phunziro loyenera kutengapo ndi lakuti wolawa azilawa asadaone botolo, asakhale yekha, ndipo zonena zake ziziyerekezedwa ndi zopimidwa. Umu ndi mmene bungwe loyang'anira vinyo wa pachilumbachi, limene lidakhazikitsidwa mu 1979 ndipo kuyambira 2006 limatchedwa IVBAM, limagwirira ntchito: vinyo asadalandire chidindo amapimidwa m'labotale ndi kulawidwa ndi gulu.

Chitsutso chachiwiri ndi champhamvu kuposa choyamba, ndipo apa ndi pamene mphamvu ya lilime imathera. Lilime limayeza zaka zimene vinyo wakhala mumgolo, silidziwa kalendala. Vinyo akachotsedwa mumgolo n'kuikidwa m'mabotolo aakulu a galasi, monga ankachitira eni ake pofuna kuti asaume, kukalamba kwake kumatsala pang'ono kuima. Ndiye kuti vinyo wa mu 1860 amene adalowa m'galasi atatha zaka 30 angamveke wamng'ono kuposa wa mu 1900 amene adakhala mumgolo zaka 90. Kuwonjezera apo, migolo yakale nthawi zina inkathiridwa vinyo wocheperako zaka pobwezeretsa amene wauluka, ndipo m'njira yotchedwa solera chaka cholembedwa chinkangotchula pamene mgolo udayambidwira. Palibe wolawa angathe kupatula zonsezi ndi m'kamwa mokha. Nthano nazo zimakometsa. Ku Funchal kumasimbidwa za mgolo wa vinyo wa mu 1792 umene Henry Veitch, kazembe wa Britain, adapereka m'sitima yopita ndi Napoleon ku St Helena mu 1815, umene akuti udabwerera wosamwedwa, ndipo Winston Churchill adalawako atacheza pachilumbachi mu 1950. Munthu womwa atamva nkhani imeneyi sangalawe ndi mutu wozizira. Broadbent yemweyo ndiye adagulitsa mu 1985 botolo la vinyo wa ku Bordeaux lozokotedwa chaka cha 1787 ndi zilembo zimene ankati ndi za Thomas Jefferson, pamtengo wa mapaundi 105,000, koma osunga zolemba za Jefferson ku Monticello sadapeze umboni wolumikiza botololo ndi iye, ndipo mabotolo anzake adadzathera m'makhoti. Pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuvomereza malire amenewa sikuchotsa wolawa pantchito, kumangomuika pamalo pake. Chaka cha vinyo chimatsimikizidwa ndi mabuku a kampani, makalata a sitima, mtundu wa galasi ndi mbiri ya nyumba imene adasungidwamo. Nayonso sayansi ili ndi polekezera: kupima caesium-137, kamene kadafalikira padziko mabomba a nyukiliya atayamba kuphulitsidwa mu 1945, kumangonena ngati vinyo ndi wa chakacho chisadafike kapena chitadutsa. Chitsanzo chabwino cha kugawana ntchito ndi cha ku Liberty Hall Museum ku New Jersey, kumene mu 2015 okonza nyumba adapeza mabotolo a Madeira a mu 1796 ndi mabotolo aakulu a m'zaka za m'ma 1800. Zolembedwa pa mabotolo ndi mbiri ya banja la m'nyumbamo ndizo zidanena za chaka ndi mwini. Ntchito ya olawa, vinyoyo asadagulitsidwe ku Christie's mu 2018, idali kunena ngati akadali wamoyo ndi ngati kakomedwe kake kakugwirizana ndi zimene zolembazo zikunena. Lilime likhoza kukana chikalata chonama pamene vinyo akumveka wamng'ono kwambiri, koma silingalembe chikalata pamene palibe.

Pali chinanso chimene tambula siinena, ndipo wolemba mbiri sayenera kuchibisa kuseri kwa fungo la malalanje. Minda ya nzimbe imene idayambitsa chuma cha chilumbachi idalimidwa ndi akapolo ochokera ku zilumba za Canary ndi ku Africa. Ogula akuluakulu a vinyoyu m'zaka za m'ma 1700 adali eni minda ya ku Caribbean ndi ku South Carolina, amene ndalama zawo zidachokera m'thukuta la akapolo. Mlimi wa pachilumbachi, amene ankamanga migula ya miyala m'mapiri otsetsereka ndi kukumba ngalande zothirira, nthawi zambiri ankalima munda wa mwini n'kumapereka theka la zokolola, dongosolo limene lidathetsedwa mu 1977. Matenda a mphesa ndi umphawi zidathamangitsa mabanja ambiri kupita ku British Guiana ndi ku Hawaii, ndipo m'zaka za m'ma 1900 ena adalowera ku Venezuela ndi ku South Africa. Wina anganene kuti poti zili choncho, kutamanda kakomedwe ka vinyoyu n'kunyoza anthu amenewa. Koma kunyoza kwenikweni kungakhale kunena kuti ntchito yawo siidasiye kanthu kodziwika, kuti vinyo wochokera ku mphesa zosankhidwa bwino ndi mgolo wosamalidwa mibadwo itatu ndi chimodzimodzi ndi wina aliyense. Wolawa woona mtima ndi mboni yakuti luso la mlimi ndi la wosema migolo lidalipo ndipo likumvekabe.

Choncho powerenga zolemba za akatswiri olawa vinyo wakale ndi bwino kulekanitsa ziganizo zawo m'magulu awiri. Zonena za mtundu, fungo, kuwawasa, kutsekemera ndi thanzi la vinyo zili ndi zaka zoposa 250 za malonda kumbuyo kwake, ndipo zambiri mwa izo sayansi yazitsimikizira. Zonena za chaka chenicheni ndi za eni otchuka ziyenera kufunsidwa chikalata, ngakhale wozinenayo atakhala wotchuka chotani. Makampani ochepa amene atsala pachilumbachi aphunzirapo kanthu, chifukwa lero botolo la frasqueira limalembedwa chaka chokolola ndi chaka chothirira m'botolo, kuti wogula adziwe zaka zimene vinyo wakhala mumgolo. Vinyo amene akusanjikidwa pamitanda ya ku Funchal chaka chino adzaweruzidwa ndi anthu amene sadabadwe, ndipo chiweruzo chawo chidzakhala cholungama pokhapokha osunga mabuku a migolo atalemba moona mtima chilichonse chimene athiramo ndi kuchotsamo.